Mkuwa Wokalamba ku Mchesi

Ine ntchito yanga ndi ndowa ndi mbaula.
Kuno ku Mchesi, kuseri kwa okhoma mabokosi a maliro,
ndimamata zodontha,
maketulo amene eni ake akana kuwataya.

Lachiwiri lina, fumbi la Okutobala lili m'mano,
anatsika pa kabaza a Levisoni Kamzati
atakumbatira sutikesi yomanga ndi mphira wa njinga
ngati wothamangira ndi mwana ku Bwaila usiku.

Anamasula mfundo mosafulumira.
Lipenga.
Lofupikirapo kuposa aja otsogolera ukwati,
kuwala kwake kunatha ine ndisanabadwe,
pogwira dzanja lamanzere pali bii,
ndipo kukamwa kwake kuli chipsera
cha tsiku lomwe linagwa m'lole pochokera ku Dedza.

"Ili ndi la C," anatero. "Usaliyese chitini."

Ndinati, bambo, m'tauni aliko atsopano,
onyezimira ngati galimoto ya mkwati,
bwanji osapumitsa gogoyu?

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.
"Ajawo ndi abwino, sindikana,
koma ukawauza do, amayankha chapansi pang'ono,
ngati wamakala wotapako pathumba.
Ili ukaliuza do, limati do.
Ndimawerenga buku limodzi ndi wa kiyibodi,
osachita masamu m'mutu.
Tsono mkuwa wakalewu, mwanawe,
unamva mpweya wa anthu atatu ine ndisanaugwire.
Wina sindimudziwa n'komwe dzina,
koma chala chake chinasiya kadzenje apa,
ndipo changa chimakwanamo."

Ndinadonthezera mtovu, kadontho kamodzi,
dzanja likunjenjemera.
Sindinachitepo mantha ndi ndowa.

Mbiri inayenda.
Loweruka linabweretsa mayi Estere Chimkono a ku Area 25,
mphunzitsi amene anachedwetsa malata chaka chathunthu
kuti agule lawo kwa mbusa wina wopuma ntchito.
Kunabweranso Yotamu wa ku Kawale, mnyamata chabe,
ali ndi latsopano kunyumba, lili pansi pa bedi,
koma amayenda ndi lothimbirira, la mabatani ouma,
lomwe amalinyengerera ndi mafuta a makina osokera.
Anakhala pa benchi langa mpaka dzuwa kupendeka
kukangana za zaka zimene mkuwa unali mkuwa,
kununkhiza m'masutikesi a anzawo,
aliyense kuyamikira la mnzake ndi pakamwa,
maso ali pa lake.

Wogula zitsulo zakutha anaima ndi wilibala,
analiyeza ndi maso:
"Kilo imodzi, mwina ndi kapamwamba."
Palibe anamuyankha.
Mayi Chimkono anangofunditsa lawo chitenje.

Kenaka a Kamzati ananyambita milomo,
mano awiri akutsogolo ndi oikira,
mawu oyamba anatuluka osasa,
achiwiri anaima chilili.
Sanali aakulu ayi.
Anali owongoka, owonda pang'ono, oyera,
anadutsa pakati pa matabwa ndi utuchi,
ndipo nyundo za okhoma mabokosi zinaleka,
imodzi, kenaka inzake.
Kondakitala wina anaiwala kuitanira a ku Biwi.

Sanamalize nyimbo, mpweya unawathera panjira.
Anatsokomola, anaseka,
anatsegula kakiyi kotayira malovu
n'kudonthezera pa fumbi langa.
"Wamata bwino. Sukudziwa chimene wamata,
koma wamata bwino."

Anandilipira mtengo wa ketulo,
theka lake ngongole, mpaka lero.

Tsopano ndikamaliza ndowa ya munthu
ndimaigogoda ndi chala, khutu pafupi,
kumva ngati ikunena zoona.
Mkazi wanga akuti ndayamba misala.
Mwina.
Dzulo ndowa ya mayi wogulitsa mandasi inati do,
ndipo ndinachedwa kuibweza.